Makina a Lufeyo ndi Mtengo Womeza Waya

Panali munthu wina wocheka matabwa, dzina lake Lufeyo. Munthuyu anali ndi makina odulira mitengo, aja oyendera tcheni, amene malume ake anamusiyira atapuma ntchito ku esiteti. Anali makina akalekale, olemera mothyola phewa, ndipo utoto wake unasuluka mpaka pogwirira panatsala chitsulo chokhachokha. Akalira, agalu ankathawira kuseri kwa nyumba. Analibe choimitsira tcheni mwadzidzidzi monga ali nacho makina a masiku ano. Dzanja likaterereka, panalibe chokupulumutsa.

Koma ankalira ndithu. Anzake ogula atsopano ankagula n'kutaya, kugula n'kutaya, pamene makina a Lufeyo anali chilirire. Akaweruka kuntchito, iye sankasamba asanasamale makinawo. Ankachotsa utuchi ndi nthenga ya nkhuku, kupukuta pulagi, kenako n'kukhala pansi ndi tupa kunola mano a tcheni limodzilimodzi. Petulo ndi oyilo ankasakaniza yekha. Kubwereketsa ndiye sankafuna n'kumva komwe.

"Njinga tengani, wilibala tengani," ankatero. "Koma awa ayi."

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali tcheni. Cha mtundu umenewo chinali chitasiya kupezeka. Anayenda m'masitolo a m'tauni, anatuma ndi anthu opita kunja omwe, koma aliyense ankangochitembenuza m'manja n'kupukusa mutu. Chimene chinali pamakinapo ndicho chinali chomaliza, ndipo banja lake lonse linkadya kuchokera m'mano a tcheni chimenecho.

Tsono m'mphepete mwa msewu wopita kumsika munali mtengo waukulu wa bulugamu. Kale unali pangodya ya mpanda wa dibi la ng'ombe. Anthu anaukulunga waya waminga m'munsi mwake, ena n'kumakhomamo misomali ya zikwangwani, ndipo popita zaka mtengo unameza zonsezo, khungwa n'kutseka pamwamba. Poona kunja sukanadziwa kanthu. Lufeyo ankadziwa, chifukwa ali mwana ankabwera ndi ng'ombe pamenepo, waya akuonekabe. Ogulitsa pamsika atamupempha kuti augwetse, anakana osafotokoza zambiri.

Tsiku lina masana mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo. Lufeyo ali pakhonde, anaona mayi wina wogulitsa tomato akubwera chothamanga, mpango utagwa kale kumutu.

"Bambo, tengani makina! Bulugamu uja wagwa, wapsinja munthu!"

"Ndani?"

"Sitikumudziwa. Ndi wakabaza, amangodutsa. Ali moyo, koma ali m'ngalande ndipo madzi akudzaza!"

Nangondo, mkazi wa Lufeyo, anatulukira pakhomo. Anayang'anitsitsa mwamuna wake, poti nkhani ya mtengowo ankaidziwa. Lufeyo anakulunga makina m'thumba, anawaika paphewa, n'kulowa mumvula.

Atafika anapeza anthu ali piringupiringu. Mtengo unali utazuka, koma mizu ina inali ikadagwira nthaka. Thunthu linadutsa pamwamba pa ngalande n'kutsamira pamtumbira wa msewu, ndipo nthambi zake zonse zinalendewera kutsetse, kutsidya. Pansi pa thunthulo, chakumunsi kwenikweni, panali mnyamata wakabaza uja atagona chagada, miyendo yapanikizika. Amayi awiri anagwada m'matope kumunyamula mutu. Madzi ofiira ochokera kumsika anali atamufika pachifuwa. Amuna anali atayesa kutukula ndi mitengo, mitengoyo n'kuthyoka. Ena ankakumba ndi makasu kuti apatutse madzi, koma mvula inkawaposa liwiro.

"Afika, afika!" anthu anafuula. Bambo wina wa nkhwangwa m'manja analoza kutsidya. "Dulani kunthambi uku, achimwene! Uku n'kochepa, simuchedwa."

Lufeyo anazungulira mtengowo, maso ali pathunthu. Zaka zonse za ntchito yake zinamuuza chinthu chimodzi. Nthambi zolendewera zija ndizo zinkakokera thunthu m'mwamba, n'chifukwa chake mnyamatayo anali akupumabe. Kuzidula kunali kumutsitsira chimtengo chonse pamiyendo ndi pamimba. Koma kudula kumunsi, pakati pa munthuyo ndi mizu, nthambi zikanagwa ndi kulemera kwake n'kutukula thunthu lokha.

Ndipo kumunsiko n'kumene kunali waya.

Anaima, mvula ikumutsikira m'khosi. Panalibe wina aliyense pagululo amene ankadziwa zimenezi. Akanadula kunthambi monga ankamuuzira, mnyamatayo n'kufa, anthu akanati mtengo wapha munthu, a Lufeyo anayesetsa. Akanabwerera kwawo ndi makina amoyo, dzina lake lili loyera. Anaganiza za ana ake. Anaganizanso za tcheni chikaduka chili paliwiro, momwe chimakwapulira wogwira makina, osasankha kuti apa ndi pamkono kapena pakhosi.

Mnyamata uja anatembenuza maso n'kumuyang'ana. Milomo yake inali itayera.

"Bambo," anatero motsitsa, "miyendo sindikuimvanso."

Madzi anali atafika m'khosi.

"Chokani kumunsi kuno nonse," anatero Lufeyo. "Amuna anayi imani pafupi ndi amayiwo. Thunthu likangonyamuka, mukokeni, musadikire mawu anga."

"Kumunsi bwanji? Uko n'kokhuthala!" anatero wa nkhwangwa uja.

Lufeyo anaponda makina ndi phazi, n'kukoka chingwe. Makinawo anatsokomola, n'kukhala zii. Iye anawerama, anawaphimba ndi thupi lake kuti madzi asalowe, n'kukokanso ndi mphamvu zake zonse. Makina anabangula mpaka ana amene anali pamsewu anagwira makutu.

Poyamba tcheni chinalowa ngati mpeni m'papaya, utuchi wonyowa ukuwaza m'miyendo mwake. Kenaka mawu a makina anasintha. Panamveka kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo, moto unathetheka m'kati mwa mtengo mvula ili mkati, ndipo makina anadumpha m'manja mwake ngati mbuzi yokana chingwe. Anawapanikiza ndi ntchafu. Ankamva m'zala zake dzino lililonse likusweka, mano omwe aja ankawanola tsiku ndi tsiku. Utuchi unasanduka fumbi, kusonyeza kuti tcheni chabuntha. Utsi wa oyilo wopserera unamulowa m'maso.

"Madzi afika pakamwa!" anakuwa mmodzi wa amayi aja. "Fulumirani, bambo!"

Nthawi yoti aime n'kunola panalibe. Anatsamira makinawo ndi thupi lonse, chinthu chimene sanachitepo chiwalandirireni kwa malume ake. Tcheni sichinkadulanso, chinkangotafuna. Chinapita pang'ono, chinapitanso pang'ono, chinakumana ndi msomali wina, kenaka thapu! Chinaduka, n'kumukwapula pamkono kuyambira pachigongono mpaka padzanja.

Makina anagwera m'matope n'kuzima. Mtengo unali usanaduke wonse. Panatsala nthuli yonga chikhatho cha munthu. Lufeyo anagwira mkono wake, magazi akutuluka pakati pa zala, maso ali panthuli ija.

Mtengo unabuula. Ulusi wake unayamba kuthetheka umodziumodzi, kenaka phwaa! Nthambi zinagwera kutsetse, thunthu linanyamuka, ndipo amuna aja anamusolola mnyamatayo m'matope akutsokomola madzi.

Lole yodutsa inamutengera kuchipatala. Pambuyo pake kunamveka kuti anachira, ngakhale mwendo umodzi unatsala wotsimphina, ndipo abale ake anamutengera kwawo kutali. Sanabwerenso. Lufeyo sanadziwe ndi dzina lake lomwe.

Madzulo a tsikulo Nangondo ankamumanga bala ndi nsalu yoyera, makina ali pambali, tcheni choduka chili pamwamba pake.

"Munadziwa kuti chiduka?" anafunsa.

"Ndinadziwa."

"Nanga anawa?"

"Sindikudziwa, mayi."

Nangondo anamanga mfundo, anaikoka mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira, kenaka anasiya dzanja lake pamkonopo nthawi yaitali.

Tcheni china sichinapezeke. Bala litapola, Lufeyo anakapempha ntchito kwa ocheka ndi macheka a pamanja, ndipo anamuika m'dzenje, pansi pa chipika, kumene utuchi umagwera m'maso. Chaka chimenecho kunyumba kwake ankadya mopereweza.

Abale anga, ndikadakonda kukuuzani kuti wina anabwera ndi makina atsopano kudzamuthokoza, koma sizinatero, ndipo kawirikawiri sizitero. Aliyense wa inu ali ndi chake chimene amachisamala, chimene sabwereketsa: kwa wina ndi ntchito, kwa wina ndi mbiri yabwino, kwa wina ndi mphamvu zochepa zimene zamutsalira m'thupi. Samalani ndithu. Makina osasamalidwa sakanalira mumvula ija. Koma tsiku lidzafika pamene mudzaima pakati pa malo awiri odulapo. Pena padzapulumutsa chanucho, ndipo anthu onse adzakhala akukulozerani pomwepo. Pena padzapulumutsa munthu amene simukumudziwa ndi dzina lomwe. Palibe adzakutsutseni mukasankha poyambapo, chifukwa wodziwa kusiyana kwake mudzakhala inu nokha ndi Mulungu wanu. Ganizani lero, madzi asanafike pakamwa pa mnzanu: mudzadula pati?