Thumba Lachinayi

Panali mayi wina wamasiye amene ankagulitsa masamba ouma pamsika wa pamphambano. Sichinali chamba ayi, musandiyang'ane choncho. Anali masamba owawa, owiritsa ngati tiyi, ndipo akabaza, osenza katundu ndi alimi ankati akamwa, msana umakhalako bwino. Mayiyu ankathyola yekha, kuyanika yekha pamphasa, n'kulongedza m'matumba. Ana ake anakulira masamba amenewo, ndipo mtima wake unali m'malo.

Koma mukudziwa inu, malonda akayamba kuyenda, adyera sachedwa kufika. Ena anayamba kusakaniza masambawo ndi utuchi, ena kusinjiramo mapiritsi kuti akhale aukali. Wakabaza wina atamwa zimenezo anagwa panjinga, mpaka kukagonekedwa kuchipatala. Akuluakulu a kukhonsolo anati, "Basi, masambawa tiletsa. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

Mayi uja sanakhale pansi n'kumalira. Anamanga chitenje m'chiuno, anatenga pepala ndi inki, n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi, khomo ndi khomo. Ankati, "Anzanga, tisapemphe kuti angotisiya. Tipemphe lamulo. Masamba aziyezedwa, dzina la wogulitsa lizilembedwa pathumba, ndipo mwana asamagule." Odziwa kulemba anasaina, osadziwa anadinda chala. Patatha masabata atatu, zidendene zitang'aluka, pepala lija linadzaza.

Mkulu wa zaumoyo kukhonsoloko analiwerenga, anavula magalasi, nati, "Chabwino mayi. Mwati tiziyeza. Lachiwiri mubwere ndi matumba anu, tiyambire inuyo."

Apa ndiye panagona nkhani. Mayiyu anali ndi matumba anayi. Atatu anali abwinobwino. Koma masamba a thumba lachinayi anawayanika sabata ya mvumbi, ndipo poti ankathamangira za pepala zija, anawalongedza asanaumitsitse. Atapisa dzanja pansi pa thumba, anapeza nkhungu. Anaonetsa mnzake wa benchi loyandikana, ndipo mnzakeyo anamunong'oneza kuti, "Amwali, limeneli libiseni kuseri kwa nkhokwe. Akaona nkhungu ati tonse ndife amodzimodzi, ndiye kuyenda konse kuja kwalowa m'madzi."

Mantha anamugwira, tisanamizane. Malonda akanatha, ndipo anthu onse odinda zala aja akanamuloza iyeyo. Koma Lachiwiri litafika, anakweza matumba onse anayi panjinga. Asanafunsidwe n'komwe, anamasula lachinayi nati, "Bwana, ili ndinalakwitsa ndine. Yambani ndi limeneli."

Thumba lija linatenthedwa pabwalo anthu akuona, mayi ataweramitsa nkhope ndi manyazi. Kenako mkulu uja anati, "Mukanabwera ndi abwino okhaokha, ndikanati mwachita kusankha. Tsopano ndaona kuti lamuloli mukulifunadi, ngakhale litaluma inu nomwe." Masamba aja sanaletsedwe. Osinjira mapiritsi anathawa okha pamsikapo. Mayi uja anabwerera pabenchi lake, dzina lake litalembedwa pathumba, ndipo woyeza akafika ankamupatsa mpando akuseka, poti analibenso chobisa.

Abale anga, tonsefe timakonda chilungamo chikamapita kwa aneba. Timafuula kuti Ambuye konzani mpingo, konzani dziko, konzani apongozi anga, ngati anyani osekana zikundu. Koma Mulungu akati, "Chabwino, tiyambire iwe," timanyamula matumba atatu abwino aja: kwaya, chopereka, ndi moni wa pakhomo la tchalitchi. Lachinayi timalisiya kuseri kwa nkhokwe.

Mulungu akulidziwa kale thumba limenelo. Sakufuna kukutsekerani malonda, akufuna kutentha nkhungu yokha kuti mukhale pabenchi lanu mtima uli zii. Ndiye musadikire kuti achite kulifukula. Bwerani nalo nokha lero, ndipo mumuuze kuti ayambe ndi limenelo.