Mpiringidzo wa a Kanyumbu

Kalekale, mvula isanayambe kunama ngati masiku ano, kunali mkulu wina dzina lake Kanyumbu amene ankaopa akuba kuposa imfa. Nyumba yake yosungiramo fodya inali yofolera ndi udzu, koma chitseko chinali chachitsulo, cha mpiringidzo wautali wogwera wokha. Anam'sulira ndi mwana wake wachisamba, Lunguzi.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, osaka mbewa anayatsa tchire. Kanyumbu anali m'kati akusankha fodya. Mphepo inamenyetsa chitseko, mpiringidzo n'kugwera m'bowo lake kunja. Moto unagwira mapesi amene anaunjikidwa pambali pa khomo, malawi n'kumanyambita nsonga imodzi ya mpiringidzowo. Denga linayamba kufuka.

"Mayo ine! Ana inu, ndikufa kuno!"

Woyamba kufika anali Ndaziona, mwana wake wamkazi, woumba mbiya. Anaona kuti moto uli kunsonga ya uko, pamene kogwirira kunali kwakuda bii ngati masiku onse. Sanadziwe kuti kutentha kumayenda m'chitsulo mosaoneka. Anagwira ndi manja awiri. Khungu linapserera, iye anakuwa, koma sanataye. Anakoka mpaka chitseko chinasiya kampata, ndipo bambo ake, amene utsi unali utawagwetsa kale, anakwawa n'kuikapo mphuno.

Lunguzi anafika ali wefuwefu. "Taya, mlongo wanga! Chitsulo chikatentha chimatupa. Chathina m'bowomo, mphamvu sizithandiza!" Analanda mtsuko pamutu pa mayi wochokera kuchitsime. Anthu anakuwa kuti athire padenga, iye n'kukhuthulira onse pa mpiringidzo. Nthunzi inangoti tolo, chitsulo n'kuphwa pang'ono. Koma madzi anali omwewo, chitsulo chinali chikadawotcha, ndipo malawi ankabwereranso.

Apo ndi pamene anatulukira Sikweya, chitsirizira cha Kanyumbu, mlesi wodziwika mudzi wonse, amene ankayenda ndi khasu paphewa kuti anthu aziti akuchokera kumunda. Anagulula khasulo n'kutsala ndi mpini, poti mtengo sutengera kutentha msanga. Anagogoda mpiringidzo kamodzi, kawiri, kachitatu chitsulo n'kutuluka m'bowomo. Anawakoka mwendo bambo ake, denga n'kugwa kumbuyo kwawo.

Fodya yense anapsa. Kanyumbu anatsala ndi dimba limodzi losauma madzi, laling'ono moti kuligawa patatu aliyense akanangopeza podzala mpiru wa tsiku limodzi. Ali pamphasa, akutsokomolabe, anati, "Dimbali ndi la amene wandipulumutsa."

Ndaziona anatambasula manja. Zala zinali zitapinimbira, ndipo aliyense anamva chisoni podziwa kuti sadzaumbanso mbiya. "Bambo, pasanakhale kampata kaja, achimwenewa akanatulutsa maliro."

"Manja ako ndikuwalira," anatero Lunguzi, "koma ukanakoka mpaka mawa. Amene anadziwa chomwe chitsulo chikuchita ndi ine."

"Inde, achimwene," anayankha Sikweya, "ndipo amene anasula msamphawo ndi inu nomwe. Ine sindinapse, sindinaphunzitse munthu. Ndinangotsegula."

Kanyumbu anayang'ana manja opsa aja, anayang'ana mtsuko wopanda madzi, kenako mpini wodetsedwa ndi mwaye.

Tsono inu mwakhala apa, musandiuze kuti onse anachita bwino, zimenezo ngakhale mbuzi ikudziwa. Dimba ndi limodzi. Kanyumbu apatse ndani: amene anapsa, amene anadziwa, kapena amene anatsegula?