Mtedza Wowazidwa Madzi

Panali mayi wina amene ankapanga ufa wa phala la ana. Ankasakaniza chimanga, soya ndi mtedza, n'kukagayitsa, n'kulongedza m'mapaketi. Chaka china kunabwera anthu oyesa zakudya ochokera mumzinda. Anayendera pamene ankagwirira ntchito, anatenga ufa kukauyesa, kenako anamulola kuika chidindo chawo pa paketi iliyonse. Koma anamuchenjeza kuti mtedza usamakhudze madzi. Mtedza wonyowa umachita chuku. Ukagayidwa chukucho sichioneka, koma chimawononga mwana pang'onopang'ono.

Chidindo chija chinakopa ogula ambiri. Ntchito itachuluka, mayi uja anaitana mkulu wake wamasiye kuti azimuswera mtedza. Mkuluyo ankaswa osadandaula mpaka zala zinachita matuza. Ndiye anachita zimene akazi a kwawo amachita: anawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, n'kuuthira m'thumba usanaume.

Mayi uja anazindikira ufa utalongedzedwa kale, galimoto yodzautenga ikubwera mawa lake. Anapeza thumba lija lili lonyowa pansi, m'ngodya mwake muli timbewu tobiriwira.

"Achemwali, munawaza?"

"Pang'ono chabe, mng'ono wanga. Taona zalazi. Ufawo ukununkhira bwinobwino, chidindonso chilipo. Adziwa ndani?"

Mayi uja anatuluka n'kukaima pa golosale imene inkagulitsa ufa wake. Kunabwera mtsikana wina atabereka khanda. Anatenga paketi ya ufa uja, koma zolemba zake sanaziwerenge. Anangoitembenuza, n'kuyendetsa chala mpaka anapeza chidindo. Ufawo sanaununkhize, sanafunsenso munthu. Anatembenuza khosi n'kuuza wa kumsana uja kuti, "Uwu ndi wabwino, mwanawe. Anauyesa."

Mayi uja atabwerera anatenga khasu n'kukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Anang'amba mapaketi onse, n'kukhuthulira ufa m'dzenjemo, n'kukwirira.

Mkulu wake anakhala pansi akulira. "Ndakuwonongera, ine mlendo wobwera kudzadya."

Mng'onoyo anatenga mafuta odzola, n'kugwada, n'kuyamba kupaka zala zija chimodzichimodzi.

"Musatero, achemwali. Ine ndinkangoyang'ana mapaketi, manja anu osawayang'ana. Mawa tiswa tonse. Wouma."

M'mawa galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Inu amene mumapanga zinthu zoti ena agule, imvani. Oyesa amabwera n'kupita, thumba limatsala ndi inu nokha. Mayi wogula sangalowe m'nyumba mwanu kukaligwira pansi ngati lauma. Akaona chidindo amasiya kukayika, ndipo pamenepo wakupatsirani mwana wake kuti mumudyetse. Mudyetseni monga mungadyetsere wanu.