Wosula makasu amene anafuna kusula mkanda

Ana inu, nkhani iyi ndinaimva koyamba ku Tsangano, tsiku limene lole ya mbatatesi yomwe ndinakwera inafera panjira. Anatisimbira ndi bambo wina wogulitsa adyo, tikudikira makaniko. Ndayenda madera ambiri, koma sinandichoke m'mutu.

Kale kumeneko kunali wosula makasu, dzina lake Chakanza. Ankafuna kukwatira Nangozo, koma amalume a mtsikanayo maso anali pa wamalonda wina wogulitsa mikanda yofiira.

"Mwana wa mlongo wanga azivala dzimbiri?" anatero amalumewo. "Amene amuveke mkanda tisanakolole, ameneyo ndiye mkamwini."

Nangozo anauza Chakanza kuti wofiira ali nawo aliyense, iye akufuna woyera.

Chakanza anali ataonapo chidutswa cha botolo chikusungunuka pamoto ngati uchi. Anatolera zidutswa za mabotolo oyera a mafuta odzola, napemerera makala ndi mvukuto. Galasi litafewa analikulunga pa waya, n'kukhaladi mkanda. Kenaka dzanja linachita zimene linazolowera: anauviika m'madzi monga amachitira ndi khasu. Tswee! Mkanda unanyenyeka.

Anaganiza kuti vuto ndi makala, nasintha. Unasweka. Anasiya madzi a kumtsinje n'kutunga a pachitsime. Unaswekanso. Zoleka kuviika sizinamubwerere n'komwe, pakuti bambo ake anamuphunzitsa kuti chochoka pamoto chimapita m'madzi.

Nangozo, pochokera kudimba, anasuzumira m'phale lodzaza zonyenyekazo.

"A Chakanza, mwayamba kusula mchere?"

"Seka, mwana wa eni."

"Sindikuseka ayi. Wamalonda uja anabweranso dzulo, ndipo chimanga chauma. Amalume akuti khosi langa likuchititsa manyazi mtundu."

"Sunga khosi, Nangozo. Mkanda woyera udzavala."

Madzulo ena mkanda unapulumuka pa waya n'kugwera m'phulusa lotentha. Chakanza anangotukwana, n'kuusiya momwemo. M'mawa pochotsa phulusa anaupeza wathunthu, woyera mbee!

Wina akanathamangira nawo kwa amalume. Iye anakhala pansi akuutembenuza. Uwu wasiyana chiyani ndi anzake? Makala omwewo, galasi lomwelo, dzanja lomwelo. Anakolezanso moto, napanga mikanda iwiri. Wina anauviika m'madzi, wina anaukwirira m'phulusa. Wa m'madzi unasweka pomwepo. Wa m'phulusa, atauleka kuti uzizire wokha, unatuluka wopanda mng'alu.

"Ha! Ndiye wolakwa ndi madzi," anatero akuseka yekha. "Chimene chimalimbitsa khasu ndicho chimapha galasi."

Tsiku loyamba kukolola, wamalonda anafika ndi mikanda yake, koma anapeza khosi la Nangozo lili ndi mwini kale.

Kuyambira pamenepo anthu amati: sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ndiye kuti chabwino chimachedwa, usataye malo ake chifukwa chotopa ndi kudikira. Koma ana inu, mudziwe kuti pamene wina akusunga khosi, wina amakhala akufunsa zosweka kuti zasweka bwanji. Iwe Tiyesere mdzukulu wanga, wakhala ukukalipira kompyuta tsiku lonse ati pulogalamu yako ikukana. Wasintha izi, wasintha izo. Nanga chija umachita osaganiza n'komwe, wachifunsa?

Ndipatsireni chipewa changa. Minibasi ya ku Mwanza siyembekeza munthu wa nthano.