Mpanda wa ku Chamtunda ndi Eni Ake Atatu

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, ndi kale la dzanadzanali, sukulu ya atsikana ya Chamtunda inalibe mpanda. Lero ulipo, anzanga! Wanjerwa, wautali, wa chipata chachitsulo, ndipo mawa akuutsegulira! Koma dikirani, nkhani yagona pa amene anaubweretsa.

Njira yochokera kumsika inkadutsa pakati penipeni pa sukuluyo. Oledzera ankasuzumira m'mawindo aphunzitsi ali pa bolodi, zovala zinkasowa pa chingwe, mpaka tsiku lina masanasana njinga yamoto ya kabaza inagunda kamtsikana ka Fomu 1, mwendo thyo! Amene anakabereka kumsana anali Tionenji, yemwe lero ndi hedigelo wa sukuluyo. Aliyense anati pamangidwe mpanda. Vuto linali loti pomwe mpandawo umayenera kudutsa panali nyumba zisanu ndi ziwiri za anthu okhalitsa.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Mayi Nachanza, phungu wa deralo. Anaimirira m'Nyumba ya Malamulo atanyamula yunifolomu yong'ambika ya mwana uja. "A Sipikala, kodi tikudikira maliro?" Atsikana anamva pa wailesi ya a matironi, mpaka kuvina. Tionenji anavina nawo, koma mtima unkamufunsa: zaka zinayi zonsezi mayiwa anali kuti? Maso atseguka bwanji chisankho chili pakhomo?

Wachiwiri anali a Kamzimbi, phungu wa mbali yotsutsa. Iwowa anakana. "Muteteze ana pothamangitsa ana anzawo? M'nyumba zimenezo mulibe ana? Apatseni malo kaye!" Anzawo anawakuwiza kuti, "Khala pansi iwe!" koma sanakhale. Nkhani inachedwa chaka chathunthu, zovala zikusowabe pa chingwe, koma pomaliza lamulo linadutsa banja lililonse litalonjezedwa puloti ndi malata. Pakadapanda iwo, anthu aja bwenzi akuugumula mpandawo njerwa imodziimodzi. Komatu Tionenji anamva kwa amayi ophika kuti nyumba imodzi mwa zisanu ndi ziwirizo inali ya apongozi a phunguyo. Mwamva?

Wachitatu anali a Nasikelo, ogulitsa zitumbuwa, mwini wa kanyumba kakumapeto. Lamulo linali litadutsa, inde, koma eni nyumba anakanitsitsa kusamuka. Ankati puloti ya papepala sugonapo. Amisiri atabwera anawalandira ndi zikwanje. M'mawa mwake a Nasikelo anakwera padenga pawo n'kuyamba kusasula udzu okha.

"A Nasikelo, mwapenga?" anakuwa oyandikana nawo.

"Ndapenga kumene. Tandigwirirani makwerero."

Pofika Loweruka, onse anali atasamuka popanda wokhetsa magazi. Koma puloti ya a Nasikelo mukudziwa pomwe yagwera? Moyang'anizana ndi chipata chatsopano, potulukira atsikana mazana anayi anjala nthawi ya buleki. Kaya anadziwiratu, kaya n'mwayi, Tionenji mpaka lero akamawapatsa moni amawayang'ana kawiri.

Ndiye lero masana a hedi anamuitanitsa Tionenji ku ofesi.

"Tseka chitseko, mwanangu. Atatu onse anditumizira mawu, aliyense akuti riboni adula ndiye. Sizasi ndi imodzi."

"Ndiye mwasankha ndani, madamu?"

"Ine? Ndikufunabe ntchito yanga. Iwe ndiwe mwana, mwana salakwa. Onse adzakhala kutsogolo, iwe udzabwera ndi sizasi pa mbale. Amene udzawagwadire ndi omwewo."

"Nanga awiri otsalawo?"

"Udzayang'ane pansi."

Tionenji anatuluka, theka chimwemwe, theka mantha. Akawadumpha a Nachanza, sukulu idzapemphanso kwa yani mjigo? Akawadumpha a Kamzimbi, apo adzayalutsa sukulu yonse pa wailesi. Akawadumpha a Nasikelo, adzadutsa bwanji pachipata tsiku ndi tsiku, mabanja asanu ndi awiri amene anataya makomo awo akumuona?

Koma chimwemwe ndi chimene chinafika msanga kumiyendo. Anathamanga osaima mpaka ku hositelo, n'kulowa ali wefuwefu.

"Atsikana! Sizasi ndinyamula ndine! Ine ndemwe, pamaso pa makamera! Mawa mulawirire, muchape masokosi, mudzakhale kutsogolo mudzaone!"

Nthungululu zinalira. Kenako Mwandida, mnzake wa bedi lapamwamba, anaweramira pansi.

"Chabwino, bwana hedigelo. Ukagwadira ndani?"



Nanga inu mwamva nkhaniyi, mbale ili m'manja mwanu, anthu atatu akumwetulira, aliyense ndi chake chobisa kumphasa: mungagwadire amene anayambitsa nkhani, amene anaichedwetsa kuti anthu asagone panja, kapena amene anasasula denga lake?