Chidindo cha Kontena ndi Dzina la Mwana wa Elube

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la chapompano malole atayamba kusenza makontena kupita nawo kudoko, kumapiri a ku Thyolo kudali mayi wina dzina lake Elube Namakhwa. Mayiyu ankagwira ntchito pafakitale ina ya tiyi, ndipo ntchito yake idali yotseka makontena. Musaiderere ntchito imeneyi, abale inu! Amuna onyamula akatha kulongedza matumba a tiyi, Elube ankalowa n'kuona ndi maso ake kuti zonse zilimo, zitseko n'kutsekedwa, iye n'kukhoma chidindo.

Chidindo chake si cha inki chija cha mu ofesi. Ndi bawuti wachitsulo wonenepa ngati chala chachikulu, wokutidwa ndi pulasitiki wachikasu. Ukamulowetsa pa chotsekera n'kumukanikiza m'kachisoti kake, amangoti khe! Basi zatha, satulukanso pokhapokha utamudula. Chidindo chilichonse chili ndi nambala yakeyake, yolembedwa ndi makina akunja owotcha ndi kuwala, ndipo nambala yomweyo amailemba pamapepala oyenda ndi dalaivala. Ndiye lamulo la ntchitoyi n'lachidule. Kontena ikafika chidindo chili chodulidwa, wakuba ndi wa pamsewu. Ikafika chidindo chili bwinobwino koma katundu mulibe, wakuba ndi amene adatseka.

Chaka chimenecho Elube adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yoyamba, yomwe adaidikira zaka zisanu ndi ziwiri anthu akumunena. Mwamuna wake adali ku Joni. Amene ankamuyang'anira pamudzi ndi alongo ake atatu: Faniwelo, Yobe ndi Mofati.

Lolemba lina Elube adatseka kontena monga mwa nthawi zonse, lole n'kunyamuka. Lachisanu mmawa a Kalitera, bwana wa fakitale, adatuluka mu ofesi maso ali psuu.

"Mayi Namakhwa, kwerani galimoto. Atiitana kuchipata cha m'malire."

Faniwelo, mlongo wake wamkulu, yemwe adali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti yomweyo, ataona nkhope ya bwanayo sadadikire kuitanidwa. Adangodumphira kumbuyo kwa galimoto.

Kuchipatako adapeza kontena ili yasa! Akuluakulu a m'malire amasankha makontena ena n'kuwatsegula, ndiye tsikulo adasankha imeneyi. Adawerenga nambala ya chidindo, yagwirizana ndi pepala, n'kuchidula. Mizere iwiri yakukhomo, tiyi weniweni. Kumbuyo konse, kalanga ine, matumba a utuchi wosakaniza ndi mchenga! Dalaivala adangokhala pa tayala uku akutafuna nzimbe.

"Ine lole inandifera panjira masiku atatu, zimenezo sindikana," adatero. "Koma chidindo mwachipeza chili bwanji? Ine ndifunseni za matayala. Za m'katimo afunseni otseka."

Maso onse adatembenukira kwa Elube. Mwana m'mimba adapondaponda. Adachita mantha oti sadawamvepo chibadwire, osati chifukwa cha ntchito, koma poganiza kuti mwana amene adamulirira zaka zonsezi akabadwira kundende, pasimenti, pakati pa akaidi. Wapolisi wamkulu adali atatulutsa kale unyolo.

Apa m'pamene Faniwelo adaima pakati pa Elube ndi wapolisiyo. Munthu wake adali wa mawu ngati bingu, wozolowera kukalipira anthu mazana m'munda wa tiyi.

"Bwana, chidindo mwadulacho chili kuti?"

"Tataya. Nambala tawerenga kale, cha ntchito yanji?"

"Mwataya kuti?"

Adamulozera dzala la kuseri kwa zimbudzi, kumene msika wonse wa pachipata umataya zinyalala. Faniwelo, kapitawo wathunthu, adavula malaya n'kulowamo mpaka m'mawondo. Ntchentche ng'waa! Madalaivala adafa nalo phwete, ena kumuyesa wamisala. Iye osatembenuka, kufukula ndi manja dzuwa lili paliwombo mpaka lidapendeka. Pomwe ankatuluka n'kuti akununkha moti agalu omwe ankamupatuka, koma m'manja muli tizidutswa tiwiri tachikasu. Adatiika patebulo la wapolisi uja anthu onse akuona.

"Mutisunge, ndipo mulembe kuti mwalandira. Mlongo wangayu mundipatse masiku khumi. Akathawa, kapena umboni ukasowa, mudzanditsekere ine limodzi naye."

Wapolisiyo adayang'ana mimba ya Elube, n'kuyang'ana chimunthu chonunkhacho, n'kubweza unyolo m'thumba. Koma a Kalitera adapsa mtima kuti kapitawo wawo akuikira kumbuyo wakuba, ndipo adamuchotsa ukapitawo pomwepo. Faniwelo adangoti, "Chibale n'fupa, bwana, sichiwola."

Mmawa mwake Elube adapita kukatenga Yobe, mlongo wake wachiwiri. Yobe adali mmisiri wowotcherera zitsulo mpaka moto wa ntchitoyo udamupsereza maso. Tsopano ankangoona zinthu ngati utsi, ndipo ankakhala pamsika n'kumadinda maina a anthu panjinga, pamakasu ndi pamapoto, zala zake n'kukhala maso ake. Elube adapempha a Kalitera chidindo chimodzi chatsopano cha m'bokosi la fakitale, onse n'kupita kupolisi, Yobe atagwira phewa la mlongo wake.

Atangolowa, kalaliki wina adaseka. "Ha! Ife a maso awiri tawerenga nambala, ndiye mwatibweretsera wakhungu kuti adzatiwerengere?"

"Mwawerenga, achimwene, sindikukana," adayankha Yobe. "Tandipatsani ndigwireko."

Adatenga chatsopano chija, kuchisisita ndi chala, kuchisisitanso. Adatenga chodulidwa chija, kusisita kamodzi kokha, n'kuchipititsa kumphuno. Kenaka adayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi. Elube adamugwira mkono.

"Achimwene, n'chiyani?"

"Mlongo wanga, amene analemba apa ndi mnzanga wa ntchito, koma ndi waulesi! Chatsopanochi nambala yake n'njosalala ngati galasi, kuwala sikusiya mphepete. Koma apa wina anatenga chidindo chosalembedwa, n'kukanda manambala ndi singano yamoto, n'kudzazamo polishi wa nsapato. Bwana, muli ndi palafini?"

Adabweretsa palafini wa m'nyali ndi kansanza. Yobe adapukuta chidindo chatsopano, nambala ili nga! Adapukuta chodulidwa chija, ee, kansanza kada bii, nambala yasungunuka, kwangotsala timikwasa. Kalaliki uja adasowa poyang'ana. Elube adafuna kulumpha ndi chimwemwe, mimba ndiyo idamuletsa.

Koma musafulumire kululuta! A Kalitera adatsokomola n'kunena kuti, "Chabwino, chidindochi n'chabodza. Nanga anachikhoma ndani? Amene amagwira zidindo pafakitale ndi mayi yemweyu. Mwina chenicheni anachibisa m'thumba, n'kukhoma chabodzachi kuti mlandu udzagwere anthu a pamsewu."

Ndithu munthu akafuna kukupezera chifukwa sasowa! Wapolisi wamkulu adagwedeza mutu n'kuti bwanayo wanena zomveka. Popanda chidindo chenicheni, Elube adali akadali m'madzi, ndipo masiku otsala adali asanu ndi anayi.

Tsopano mverani za Mofati, chitsiriza m'banjamo, bambo wa ana awiri, yemwe ankayenda ndi njinga m'midzi kugula zitsulo zakutha. Abale ake ankamunyoza kuti ndi khwangwala, chifukwa chilichonse chonyezimira pansi ankatola. Atamva nkhaniyi adangofunsa funso limodzi.

"Achemwali, chitsulo chimenecho akadula amachidya?"

"Ayi."

"Ndiye chilipo. Chitsulo sichisowa, chimangosintha mwini."

Adapopa njinga n'kuuyamba msewu wonse umene lole idadutsa, kuima paliponse pomwe malole amaima, akukuwa, "Zitsulo zakutha! Zitsulo zakutha!" Kunyumbaku Elube ankangowerenga masiku. Tsiku lachitatu lidadutsa, lachisanu, lachisanu ndi chiwiri, Mofati zii. Chakudya chidaleka kulowa. Adachapa matewera n'kuwamanga m'kachikwama, kuti ngati n'kundende, mwanayo akapeze pogona.

Zomwe zidachitika uko adazimva pambuyo pake. Mofati adafika pa kamsika kena komwe lole idafera, pafupi ndi malo ochekera matabwa. Chomwe chidamudabwitsa, nyumba iliyonse yomwe wapempha madzi ankamupatsa tiyi, tiyi wakuda bii wonunkhira, m'mudzi momwe shuga yemwe ngosowa. Atayamba kufunsafunsa, anyamata a kochekera matabwa adamugwira, kumumenya, n'kumupindira gudumu la njinga. Wina akadabwerera. Iye adaliwongola gudumulo ndi mwala, diso lili chotupa, n'kupitiriza kukuwa zitsulo zakutha. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi adaima pa benchi la mayi wina wogulitsa tomato, a Nasibeko. Mphepo inkaulutsa pepala lomwe adayalapo tomato, ndiye adalitsendereza ndi tizitsulo tiwiri tachikasu.

"Mayi, timeneti munatipeza kuti?"

"M'maudzu umo, mwanawe, tsiku lomwe lole ija ankaikankhira kuseri kwa matabwa, masanasana. Ndinaona ndi maso angawa akutsitsa matumba."

Mofati adagwada pansi pamsika, kuwapempha kuti akanene zomwezo kupolisi. A Nasibeko adakana kawiri poopa anyamata aja. Atamva kuti pali mayi wodwala pakati woti akachirira kundende, adamanga chitenje n'kukhala pakaliyala.

Tsiku lakhumi lidakwana. Elube ndi Faniwelo adakadzipereka kupolisi monga adalonjezera, Yobe ali pambuyo, kachikwama ka matewera kali m'manja. Dzuwa lidafika pamutu. Wapolisi wamkulu adayang'ana wotchi n'kutsegula chitseko cha galimoto yopita kundende. Elube adaponda phazi limodzi m'katimo akulira.

"Imani! Imaniii!"

Abale inu, njinga ija! Gudumu likuvina, Mofati thukuta kamukamu, diso limodzi lotseka, a Nasibeko atamukakamira m'chiuno uku akuitana Mulungu wawo. Adagwera pakhomo pomwepo onse awiri. Mofati adatambasula dzanja, tizitsulo tiwiri tili mbee. Adawerenga nambala, yomweyo ya papepala. Yobe adasisita n'kuti, "Ichi ndiye cha makina." Adapukuta ndi palafini kachiwiri, kachitatu, nambala osasuntha. A Nasibeko adafotokoza zonse, za malo omwe Elube chibadwire sadapondeko. Dzuwa lisanalowe, amene adakwera galimoto ija adali dalaivala wa nzimbe uja, ndipo apolisi adapita kukatenga anzake a kochekera matabwa. Elube adakhala pansi pafumbi n'kumaseka ndi kulira nthawi imodzi. A Kalitera adapepesa chipewa chili m'manja.

Patangotha sabata ziwiri Elube adachira, mwana wamwamuna wonenepa, kuchipatala cha kwawo, mayi ake ali pambali. Mchombo utagwa, tsiku lotulutsa mwana m'chikuta lidafika. Mwamuna wake adaimba foni ali ku Joni kuti, "Mwana ameneyu ine sinditcha dzina. Atche malume ake amene anamupulumutsa kundende." Kunena kudali kosavuta! Amalume atatu adafika onse atavala majekete, aliyense ali ndi dzina lake m'kamwa.

Faniwelo adayamba. "Ndikadapanda kulowa m'dzala muja, Yobe akadanunkhiza chiyani? Ndikadapanda kupereka khosi langa, masiku khumi akadachoka kuti? Ukapitawo wanga unathera pa mwana ameneyu."

Yobe adati, "Achimwene, munatola zinyalala osadziwa chomwe mwatola. Anthu a maso onse anati chidindo n'chenicheni, inu nomwe munali pomwepo. Bodza ndinaligwira ndine. Popanda ine, Mofati akadadziwa bwanji kuti pali china choti akasake?"

Mofati adaloza diso lake, lomwe lidali lisanaphwe. "Nonse awiri munatha zanu, koma achemwali phazi linali kale m'galimoto. Amene anawatsitsamo ndani?"

Elube adayang'ana wamkulu, n'kuyang'ana wachiwiri, n'kuyang'ana wamng'ono, mtima uli pawiripawiri. Onse ankawakonda, onse adamuvutikira, ndipo adadziwa kuti akatchula mmodzi, awiri apita kwawo ndi chilonda. Panja amayi adali atatopa n'kudikira, nthungululu zili pakhosi, mwana ali m'manja wopanda dzina.

Ndiye musandiuze zoti amupatse maina atatu, ayi, zimenezo n'zothawa mlandu. Dzina lotulukira m'chikuta ndi limodzi, ndipo wotcha ndi mmodzi. Tiuzeni inu amene mwamva nkhani yonseyi, mukadakhala Elube, mwanayu mukadamupereka m'manja mwa ndani kuti amutche dzina: Faniwelo amene adafukula dzala n'kupereka khosi lake, Yobe amene adagwira bodza ndi chala, kapena Mofati amene adabwera ndi chidindo chenicheni?