Maso a Tcheyamani pa Makina a Gemu

Zikomankhani anali ndi kashopu koseweretsa magemu a mpira pa TV mumsika wina ku Lilongwe. Atangogula makina a gemu amakono, odula ngati ng'ombe, tcheyamani wa msikawo, a Gwazeni, anatulukira.

"Iwe, makina atsopanowo akagone kwathu lero. Ukakana, mawa m'shopu muno mulowa wogulitsa makala."

"Tengani, bwana," anatero Zikomankhani. "Kungoti anthu akumanena kuti maso anu anatha, simungasiyanitse atsopano ndi akale."

"Akutero ndani? Yatsa onse awiri, ndisankhe ndekha!"

Zikomankhani anavundikira makina onse ndi chitenje. Akale anawalumikiza ku TV yaikulu, n'kuipukuta bwino, n'kukweza mawu. Atsopano anawapatsa ka TV kafumbi ka pakona. Anthu anadzaza pakhomo.

A Gwazeni analoza TV yaikulu ija. "Awa! Taonani udzu wa m'bwalomo. Ngakhale thukuta la goloboyi likuoneka. Chinthu chodula sichibisala."

"Mwatsimikiza, bwana?"

"Ngati ndalakwa, munditche mbuzi!"

Zikomankhani anachotsa chitenje. Waya wa TV yaikulu unakathera pa chimakina chong'aluka, chomangidwa ndi mphira wa njinga.

Kenaka mayi wina wogulitsa tomato analira chapansipansi, "Meee!" Msika wonse unamulandira.

A Gwazeni anakwapatira chimakinacho m'khwapa.

"Ndimafuna omwewa," anatero, akutuluka osacheuka.